Wisiki wa Alinafe ndi Maondo a Mpingo

Lolemba

Ntchito yapezeka! Chiikireni maliro a mkazi wanga Alinafe, lero ndi tsiku loyamba kudzuka ndili ndi chochita.

Aimba foni a Phiri a ku Barking, muno m'London, aja obadwira ku Zimbabwe koma agogo awo a ku Dedza. Ndiwo mkulu wa kagulu kolawa wisiki komwe Alinafe ankapitako Lamlungu loyamba la mwezi. Kumpingo ankangodziwa kuti namwino ali pa shifiti. Akuti Lamlungu likudzali akumana pomukumbukira. "Mubwere nalo botolo lija, mdala. Mlandu wake sunathe."

Mlandu wake ndi uwu. A Phiri amati wisiki wosakwana zaka khumi ndi ziwiri ndi thobwa. Alinafe ankati ukalamba si nzeru, ngakhale m'botolo. Pofuna kuwatseka pakamwa anagula wisiki wa ku Japan, wa chimera cha balele chokha, wotchezedwa pamalo amodzi, wa zaka zitatu basi. Mtengo wake sanandiuze. Anangoti chaka chino jekete yatsopano ndiiwale.

Analitsegula pano pa tebulo, nalawa kamodzi, natseka maso, nati, "Eee." Ndinafunsa kuti eee chiyani. "Ndikawauza a Phiri pamaso. Inu werengani buku lanu." Sabata yotsatira anali kuchipatala, koma atagona pa bedi.

Eee ameneyo ndi amene ndikumusaka. Ndikamupeza ndikamunenera mkazi wanga pamaso pa a Phiri.

Chovuta chilipo chimodzi: ine sindimwa. Moyo wanga wonse ndi tiyi ndi laibulale. Koma munthu amene wawerenga za nyanja zonse angalephere kuwoloka kagalasi?

Dongosolo:
– kulawa kadontho m'mawa uliwonse, lilime lisanaone tsabola
– kuwerenga zonse za wisiki wa ku Japan
– Lamlungu kuimirira, kukonza tayi, kugamula
– alamu asadziwe!

Alamu a Esinati, mkulu wake wa Alinafe, anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaika m'bale wawo ndipo akadali nane muno m'Thamesmead. Ndi dikoni kwawo. Alanda khitchini yonse. Namfedwa sagwira mbale, akutero, ndipo ndikangoyandikira sinki amandilanda kapu ngati mpeni m'manja mwa mwana.

Botolo lili pa shelefu, kuseri kwa mabuku. Papepala pake pali zilembo zitatu za Chijapani, zotsika m'munsi. Choyamba chikufanana ndi nyumba ya malata. Chachiwiri, munthu wanyamula khasu. Chachitatu, nkhokwe. Wisiki wafika padenga la nyumba. Alipo wambiri!

Alamu ali kosamba. Ndatenga kagalasi ka Alinafe, kaja kamimba yaikulu ndi kamwa yaing'ono. Ndathira. Ndameza.

MOTO! Mayo ine! Anthu amalipira kuti azivutika chonchi?

Misozi ili mbwee. Alamu akutuluka kosamba, akundipeza ndikupukuta m'maso, galasi lili m'thumba la gauni. "Lirani, alamu, lirani, musasunge." Akhala pansi, ayamba kulira nawo. Ndiye nanenso ndalira zenizeni. Tiyi wazizira.

Lachiwiri

Ndawerenga mpaka maso kuwawa. Dzulo ndinachita ngati mbuzi pa mchere. Wisiki sameza. Amayamba ndi maso, kenako mphuno, kenako amathiramo timadontho ta madzi kuti "atseguke", ndipo lilime limabwera pomaliza ngati mkamwini pa msonkhano wa banja.

Zina zomwe ndaphunzira:
– wosakwana zaka zitatu mu mgolo wa matabwa sayenera n'komwe dzina, ndiye wathuyu wangotuluka kumene m'chikuta
– akuti ku Japan kumatentha zedi n'kuziziranso zedi, matabwa amapuma kwambiri, wisiki amakula msanga ngati mwana wamasiye
– kuli mtengo wina kumeneko umene migolo yake imadontha, koma amaukondabe chifukwa umapereka fungo la lubani
– ena amati mitengo ya mabotolo aang'onowa ndi yolipirira dzina la dziko, osati zomwe zili m'kati

Mfundo yomalizayi a Phiri asaione.

Alamu apita ku Woolwich kukasaka ufa woyera. Nyumba ndi yanga! Mphuno m'galasi. Mabuku akuti ndimve mapeyala, uchi, utsi wa patali. Ine ndikumva:
– vanishi wa mabenchi a kusukulu
– nthochi zoiwalika m'chikwama
– chipatala, pang'ono
– Alinafe akamabwera "ku shifiti" Lamlungu madzulo, akuimba pokwera masitepe

Chomalizachi m'mabuku mulibe.

Ndathira madzi. Ndalawa. Moto ulipobe, koma kuseri kwake kuli kanthu kotsekemera kakusuzumira. Ndalawanso kuti ndikaone bwino. Kathawa. Ndalawanso.

Dziko ndi lokongola! Ndatuluka kukayenda m'mbali mwa mtsinje. Ndapereka moni kwa abakha, mmodzimmodzi. Ndauza mzungu wina woyenda ndi galu kuti mkazi wanga anali ndi mphuno yoposa ya galu wakeyo, ndipo iye anati pepani. Ndaimba nyimbo ya kwaya pa siteji ya basi, mawu a tenala ndi a besi omwe.

Eee sindinamupeze. Koma ndikumva kuti ali pafupi. Wisiki watsika kufika pawindo la nyumba ya malata.

Lachitatu

Tsoka.

Abwera amayi a mpingo kudzapepesa maliro, aja amene sanapeze mpata mwezi watha chifukwa cha mashifiti. Ena achokera ku Edmonton, sitima ndi mabasi awiri. Awatsogolera Mayi Gondwe, tcheya wawo. Nsapato mulu pakhomo. Masofa ali okhaokha, onse akhala pa kapeti, miyendo tambalale, monga kumudzi. Abweretsa shuga, mkaka, buledi. Ndili pampando pakona, manja pa maondo, nkhope ya namfedwa.

Pemphero. Nyimbo. Wina akuti vesi lachitatu waliiwala. Mayi Gondwe: "Bambo ali ndi mabuku chonchi angasowe la nyimbo?" Aimirira. Akuyenda ndi chala pa shelefu. Asolola buku lalikulu.

Botolo lija pooo, likuwala ngati laitanidwa.

Mayi Gondwe alinyamula ndi zala ziwiri. "Nanga ichi?"

Ine amene ndawerenga mabuku odzaza lole, ndikusaka bodza m'mutu. Ndinene kuti ndi langa? Onse akudziwa kuti pa ukwati wa mwana wanga ndinaledzera ndi fungo la keke. Ndinene kuti ndi la Alinafe, msungichuma wa amayi, amene chithunzi chake chili pa khoma atavala yunifomu yoyera ya mpingo?

Ayankha ndi alamu. "Mankhwala a nyamakazi amenewo. A ku China. Simukuona zilembozo?"

Alanda botolo, akweza chitenje, athira m'dzanja, ayamba kupaka pa bondo. Jekete yanga ya chaka chino, pa bondo la alamu!

Mayi Gondwe anunkhiza. "Fungo lake n'lamphamvu. Ndiye kuti ndi enieni, osati aja a pa msika."

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Pafupifupi amayi onsewa amagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lonse kunyamula agogo a azungu, kuwasambitsa, kukwera nawo masitepe. M'chipinda muno mulibe bondo lamoyo ngakhale limodzi.

Botolo lazungulira ngati mbale ya chopereka.

Zigamulo zomwe ndamva:
– "Akulowa mpaka m'fupa!"
– "Akuzizira kenako akutentha."
– "Malemu anali namwino, sakanasunga zachabechabe."
– "Bambo, mulibe ena a msana?"

Nyumba ya malata yamira yonse, ndikutanthauza yauma. Wisiki ali m'khosi mwa munthu wa khasu. Pabalaza pakununkha ngati bala ya ku Bwandilo, ndipo amayi atuluka akuimba, akuyenda mowongoka.

Dzina la Alinafe lapulumuka. Alamu, osalakwa, akukhulupiriradi kuti ndi mankhwala. Ndiwasiye choncho.

Lachinayi

Mbiri yafala pa gulu la amayi la pafoni. Akuti Mayi Gondwe akwera masitepe a pa siteshoni osagwira chitsulo. Wina waika kale timanja topemphera.

Anthu ayamba kupepesa maliro kachiwiri.

Ndikunena zoona! Amayi amene anali pano dzulo abweranso, nkhope zogwa, paketi ya shuga m'manja. "Dzulo sitinapepese bwino, bambo, anthu anachuluka." Akhala pa kapeti. Ausa moyo. Kenako chikwama chitseguka, mutuluka kabotolo.

Timabotolo tomwe ndaona lero:
– ka mankhwala a chifuwa
– ka mafuta a tsitsi
– ka chakudya cha khanda, kotsuka bwino
– ka tsabola, kosatsuka bwino

Munthu wobwera kudzalira nawe sungamukanize kanthu. Ndayesa kunena kuti mwina mankhwalawa anatha mphamvu. "Ayi bambo, musadere nkhawa, tayesa kale." Ndayesa kunena kuti ndi oopsa kwa a shuga. "Ife tikupaka kunja." Alamu ndi amene akuthira, ndipo ndaona kuti dzanja lawo lero likuumira. Akuthira ngati mafuta ophikira kumapeto kwa mwezi. Mulungu awadalitse.

Mabuku akuti wisiki akakhala mu mgolo, gawo lina limauluka lokha chaka ndi chaka, ndipo otcheza amalitcha gawo la angelo. Angelo a kuno amabwera pa basi.

Shuga m'nyumba muno tsopano ndi wokwana kutsegula okala.

Kulawa kwa lero kwachitikira m'bafa, chitseko chokhoma, madzi akutuluka pa mpopi kuti asamveke. Ndinali nditangotsuka mano. Chigamulo: mankhwala otsukira mano a zaka zitatu. Komabe pomaliza pake, zonse zitapita, patsala kautsi kofewa kumbuyo kwa lilime, ngati munthu watuluka m'chipinda n'kusiya fungo la zovala zake. Ndakhala pamphepete pa bafa nthawi yaitali. Alamu agogoda: "Muli moyo?"

Ndili moyo! Khasu lauma. Wisiki ali m'mapazi mwa mlimi. Botolo ndalibisa m'buti yanga ya nyengo yozizira, pansi pa bedi.

Lachisanu

Nzeru zabwera ndili m'tulo: kugula lina! Lofanana! A Phiri adzadziwa bwanji?

Basi, sitima, mpaka pakati pa London. Sitolo ya wisiki yokhayokha, mabotolo mpaka kudenga, bata ngati laibulale yathu, kungoti muno mabuku ake amatha ukawawerenga. Ndamuonetsa wogulitsa chithunzi cha pafoni. Wagwira pamtima. Akuti unali mgolo umodzi wokha, mabotolo ake anatha kalekale, ndipo amene ali nalo alisunge ngati diso. Wandifunsa ngati langa lili losatsegula. Ndati lili m'buti.

Ndamufunsa molunjika: wisiki wa zaka zitatu angayenere mtengo wotere? Akuti ena inde, ena ayi, zimatengera mgolo, zimatengera munthu. Yankho la loya! Pofuna kuti ndimvetse wandilawitsa ena a ku Japan komweko. Wamng'ono wina, waukali ngati mphunzitsi watsopano. Wamkulu wina, wofatsa, wosalala, wosanena kanthu, ngati nduna. Wina wa utsi. Wina sindikumukumbuka.

Ndamuuza za Alinafe. Ndamuuza za maondo. Waseka mpaka wakhala pa bokosi, kenako wandithirira kena kaulere.

London ndi mzinda wabwino! Nkhunda zake ndi zaulemu! Ndakwera basi yoyenera koma yolowera kolakwika, ndipo ndaona madera amene sindinawaonepo chibwerereni kuno. Ndafotokozera mayi wina wa ku Nigeria za mtengo wodontha uja. Watsika msanga.

Chimene ndapeza: wa Alinafe ndimamukonda kuposa onse a m'sitolo muja. Koma chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo a Phiri sangalandire "ndimamukonda" ngati umboni.

Kufika kunyumba, mabuti anga ali pakhomo, opolishidwa. Alamu asesa pansi pa bedi. Botolo lili pa tebulo la kukhitchini, pakati pa mchere ndi tomato.

Wisiki ali padenga la nkhokwe!

Ndafunsa ngati kunabwera alendo. "Lero ayi." Ndafunsa za bondo. "Likupola." Akuimba nyimbo ya kwaya posenda anyezi. Mawu a soprano ndi a alto omwe.

Loweruka

Ndanyamuka m'mawa kupita kumanda ndi maluwa. Pa siteji ndazindikira kuti khadi ya basi ndaisiya m'jekete ina. Ndabwerera. Ndatsegula chitseko mwakachetechete, chizolowezi cha ku laibulale.

Alamu ali pansi m'khitchini, atatsamira firiji. M'manja muli kagalasi ka Alinafe. Mphuno ili m'kati. Maondo ali ofunda bwinobwino m'chitenje.

Tayang'anana.

"Tsekani chitseko, alamu, mukulowetsa mphepo."

Ndatseka. Ndakhala nawo pansi, maluwa pa miyendo.

"Mumayesa mwana wa mayi wotcheza kachasu sadziwa mowa? Fizi yathu yonse inatuluka mu mpope. Ndinalimva fungo tsiku lomwe ndinalowa m'nyumba muno."

Zaka zonsezi Alinafe ankandiuza kuti apongozi anga ankachita "bizinesi ya zakumwa". Ine ndinkaganiza za thobwa.

Ndafunsa za nyamakazi. "Nanga ndikanatani, inu mutangoti kakasi ngati nkhuku yaona mphamba? Ndinkati ndipaka bondo limodzi nkhani ithe. Ndinadziwa bwanji kuti mpingo wonse ndi wolumala?"

Taseka mpaka alamu atsokomola. Kenako andiuza kuti ali ana, Alinafe ndi amene amayi awo ankamutuma kukanunkhiza pa mpope, kuseri kwa nyumba, kuti anene ngati zatheka. Akuti iwo dzulo sankafuna kumwa. Ankangofuna kununkhiza, amve mng'ono wawo. "Koma mphuno ndi pakamwa n'zoyandikana, alamu. Si ine ndinazipanga."

Ndawafotokozera zonse: a Phiri, mlandu, Lamlungu. Apukusa mutu. Akweza galasi, alawa, atseka maso.

"Eee."

Yemweyo! Kutalika kwake komweko, kutsika kwake komweko! Ndawagwira dzanja. Eee chiyani, alamu? Uchi? Lubani? Mapeyala?

"Eee basi. Mukufuna ndikulembereni buku?"

Ndapempha kuti zotsalazo tisunge, zifike ku Barking. Ayang'ana botolo, ayang'ana ine. "Mpingo wapaka. Inu mwamwa. Ine ndamwa. Mwini wake walandira chiyani?"

Tapita limodzi kumanda, pa basi, botolo lili m'chikwama cha Baibulo. Dikoni wa ku Ntcheu wagwada pa udzu wonyowa wa ku London, wayang'ana uku ndi uku, wathira pansi. "Imwa, mwana wa amayi. Watisiya ndi mabodza." Kenako kwa ine: "Mayi Gondwe asamve."

Dzanja lawo lero silinaumire. Nkhokwe yauma mpaka pansi.

Lamlungu

Tayi ndavala. Zonena ndilibe. Wisiki ndilibe.

Ku Barking, pabalaza pa a Phiri. Anthu ochepa, magalasi ali pamzere, mtsuko wa madzi, mpando umodzi wopanda munthu. Akuti ndi wa Alinafe, ndikhalepo. Ndaika botolo pa tebulo. Onse aliyang'ana. A Phiri alinyamula, alipendeka pa galasi, adikira. Kwagwa kadontho kamodzi, ndipo kauma tikuona.

Ndafotokoza za maondo. Za kumanda ndasunga. Mnyamata wina wa ku Lusaka, dokotala wa mano, wagwa pa sofa: "Mwati bapaka ku mendo? Single cask, wa mgolo umodzi?" Mayi wina wapempha kuti ndibwerezenso za kabotolo ka tsabola.

Botolo lazungulira, aliyense kununkhiza. Uyu akuti lubani. Uyo akuti apulo wosapsa. A Phiri alisunga pamphuno nthawi yaitali kuposa onse, kenako agamula kuti popanda kulawa mlandu sungathe, lero kapena mpaka kale.

Ndaimirirabe, poti tayi ndinali nditavala kale. Ndati ine sindidziwa wisiki, ndawerenga chabe, ndipo zomwe ndawerenga sizinandithandize. Ndati mawu a mkazi wanga pa botolo ili ndi amodzi okha, ndipo tanthauzo lake ndalisaka sabata yonse osalipeza. Anangoti eee.

A Phiri aika botolo pansi. "Wautali kapena waufupi?"

Wautali, ndatero. Atatseka maso.

Avula magalasi a m'maso, awapukuta ndi tayi, awapukutanso. "Wanga uja wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene ndinamusunga chikwatireni, mkazi wanu atamulawa anangoti mm."

Kenako a Phiri avala magalasi awo. "Komabe ndi thobwa." Andithirira tiyi.

Ndabwerera nalo botolo. Alamu akulifuna kuti aziikamo mafuta ophikira ku Ntcheu, akuti n'lokongola. Ndakana. Ndi chinthu choyamba kuwakaniza chibwerereni, ndipo sanatsutse. Lili pa shelefu, kutsogolo kwa mabuku tsopano, lotseka zolimba. Mabuku akuti fungo limatha ukamatsegula kawirikawiri. Ndiziumira.

Jekete yatsopano ndilibe. Shuga ndili naye wa chaka chonse.

Mayi Gondwe atumiza uthenga. Akuti lero avina pa chopereka mpaka abusa anawaloza, ndipo amayi agwirizana kusonkha kuti aitanitse katoni yonse. Akufunsa dzina la mankhwala.

Ndayankha kuti amene alipo panopa akadali aang'ono. Adikire zaka khumi ndi ziwiri, akhwime.